Madandaulo a Amayi Okwatiwa Tsidya Lino la Malire

Kwa mafumu athu a m'Chigawo cha Kum'mawa, ndi kwa atsogoleri a maboma a Zambia, Malawi ndi Mozambique. Tagwada, timvereni.

Ndife amayi a m'midzi yozungulira Chipata, Vubwi ndi Chadiza. Ena mchombo wathu unagwera ku Mchinji, ena ku Kasungu, ena ku Angonia. Kuno tinabwera pa chitengwa tili atsikana, titasenza mtanga wa ufa, kudzera m'tinjira ta m'minda timene agogo athu ankadutsamo popita kumaliro. Tsiku limene ankhoswe anatiperekeza panalibe anatifunsa pasipoti. Anatifunsa mfunda wathu, tinati ndife a Banda, a Phiri, a Mwale, ndipo apongozi analulutira, nati mwana wafika kwawo.

Lero tamera imvi m'midzi imeneyi. Tabereka, taika maliro, tavinira anamwali. Koma mawu akuti "uyu ngwa ku Malawi" sanachoke pamsana pathu. Akuluakulu amati mlendo ndi mame. Nanga munthu wolima munda umodzi zaka makumi atatu akadali mame?

Chotipweteka koposa chimadza pa imfa ya mwamuna. Mmodzi wa ife anaferedwa atakhala pabanja kuyambira utsikana wake. Tsiku lometa, tsitsi lisanasesedwe n'komwe pabwalo, alamu ake anamuitanira kuseri kwa nkhokwe. "Mlamu, mwatisungira m'bale wathu, tathokoza. Koma munda uwu ngwa mbumba yathu. Mukakumba mtedzawu mukonzeke, mubwerere kwanu." Anayankha ali chogwada: "Alamu, kwathu n'kuti? Amayi anamwalira, atsibweni anamwalira." Atapita ku Mchinji kukaona, anapeza munda wa amayi ake adagawana kale ana a achemwali ake, ndipo iwo ankamutchula kuti "azakhali a ku Zambia". Anabwerako ndi kachikwama komwe anapita nako. Lamulo la chuma cha masiye la 1989 limapatsa mkazi wamasiye magawo 20 pa 100 alionse, ana magawo 50, koma silikhudza malo a mafumu. Ife chuma chathu ndi munda womwewo basi.

Dandaulo lachiwiri ndi la reji, chiphaso cha boma chozindikiritsa munthu. Wopanda reji kuno salembedwa pa feteleza wotsika mtengo, salembetsa nambala ya foni m'dzina lake, savota. Tikudziwa kuti malamulo aakulu a dziko a 2016 amati wokwatiwa ndi nzika kwa zaka zisanu angathe kupempha unzika, ndiponso kuti munthu akhoza kukhala nzika ya maiko awiri. Nako ku Malawi analola unzika wa maiko awiri. Koma njira yopezera unzika imafuna mapepala: pasipoti, chidindo cha tsiku lolowera, mtchatho. Ukwati wathu mboni zake ndi ankhoswe ndi nkhuku imene inaphedwa tsikulo. Ankhoswewo ambiri anatsikira kulichete. Kodi tikawadzutse kumanda kuti adzatichitire umboni?

Lachitatu ndi la ana athu, ndipo ili limatisowetsa tulo. Mwana wobadwa kwa bambo wa ku Zambia ndi nzika, lamulo likutero. Koma mnzathu wina atatenga mwana wake wa zaka 16 kukatenga reji, wolemba anangomva mayiyo akunena kuti "ndikufuna" pamene anthu a m'tauni amati "nifuna", naika cholembera pansi. "Amai, kalankhulidwe kanu n'ka kutsidya. Mubwere ndi atate ake a mwana." Atate akewo anali atagona kumanda zaka zinayi. Mwanayo analira njira yonse, nafunsa amake kuti, "Amama, nanga ine ndine wa kuti?" Pa mwambo wathu mwana ngwa kuchikazi, ndiye akuchimuna amati ngwa ku Malawi. Kuchikaziko amati anabadwira ku Zambia. Mantha athu si achabe. Ngati Kenneth Kaunda, amene analamulira dziko lino zaka 27, khoti linamugamula mu 1999 kuti alibe dziko chifukwa makolo ake anachokera ku Nyasaland, mpaka khoti lalikulu linachita kusintha chigamulocho, mwana wa mayi wogulitsa tomato kumsika wa Kapata adzamuimira ndani?

Chimatizunguza mutu n'chakuti mwezi wa Ogasiti ukafika, tonse timasonkhana ku Mkaika, ku Katete, ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Mafumu a Achewa a maiko atatu amagwada pabwalo limodzi. Mu 2007 apulezidenti Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza anakhala pamodzi pamenepo. Amene timaphika nsima ya alendo, kuomba m'manja ndi kuimbira Gule Wamkulu ndife. Tsiku limenelo palibe amatifunsa reji. Ng'oma zikaleka, timabwerera kumudzi kukakhalanso alendo. Malire awa anawalemba Angerezi ndi Apwitikizi atapeza kale mbumba zathu zili mbali zonse. Mu Disembala 2022 chipata cha Mwami ndi Mchinji chinakhala chimodzi kuti katundu azidutsa msanga. Tikuyamika. Tikupempha kuti chifundo chimene chinagwera matumba a chimanga chigwerenso amayi amene amalima chimangacho.

Zopempha zathu ndi izi. Kalata ya anyakwawa ndi ya mfumu yaikulu, yotsimikiza kuti mayi anakwatiwa mwa mwambo ndipo wakhala m'mudzi zaka zakutizakuti, ilandiridwe ngati umboni wokwanira. Olemba anthu akamayendera midzi, abwere ndi wotifotokozera za unzika m'chinenero chathu, tisamachite kubisala. Mwana wamasiye asabwezedwe chifukwa cha lilime la amake. Ndipo inu mafumu athu, eni nthaka, lamulani poyera kuti mkazi wamasiye alime munda wa mwamuna wake kufikira imfa yake, kaya anabadwira mbali iti.

Ambiri a ife tidzaikidwa m'manda a midzi ino, pafupi ndi amuna athu ndi ana amene anatsogola. Manda sadzatikana. Tikupempha kuti nawo mudzi utilandire tikadali ndi moyo.

Ife ana anu,
Amayi a pa chitengwa a m'malire.