Ukhondo wa ku Tokyo Si Wacibadwa

Tokyo ndi likulu la dziko la Japan. Mumzindamo mumakhala anthu pafupifupi mamiliyoni 14. Tikaphatikiza ndi mizinda yolumikizana nawo, anthu amakwana pafupifupi mamiliyoni 37, kuposa anthu onse a m'Moçambique muno.

Mlendo akafika ku Tokyo amadabwa. Misewu ndi yosesa, koma migolo yotayamo zinyalala siyioneka kawirikawiri. Sitima zimafika pa nthawi yake. Ana aang'ono amapita okha kusukulu. Munthu akataya cikwama ca ndalama, nthawi zambiri amakacipeza kupolisi ndalama zili momwemo. Mlendoyo akabwerera kwawo amati anthu a ku Japan anabadwa conco, ukhondo uli m'magazi mwawo.

Amayi ndi abambo, mawu amenewa ndi abodza, ndipo tiyenera kuwakana.

Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Mlendo amakhala sabata imodzi, amaona za lero zokha. Za dzulo sazidziwa. Tiyeni ife tizione.

Usiku wa pa 10 Marici 1945, ndege za nkhondo za ku America zinatentha Tokyo. Anthu pafupifupi 100,000 anafa usiku umodzi wokha. Otsala anamanganso mzinda paphulusa. Mafakitale anaculuka, anthu anaculuka, zinyalala nazo zinaculuka. M'zaka za m'ma 1960 mtsinje wa Sumida, wodutsa pakati pa mzinda, unada ndipo unkanunkha. Zinyalala ankakaziunjika pacisumbu ca Yumenoshima, dzina lotanthauza “cisumbu ca maloto”. Mu 1965 nchenche zocokera pamenepo zinadzaza nyumba za anthu a m'dera la Koto, mpaka boma linatentha mulu wa zinyalalawo ndi mafuta.

Tifunse: ngati ukhondo unali m'magazi, nchenchezo zinacokera kuti?

Mu 1971 bwanamkubwa wa Tokyo, Ryokichi Minobe, analengeza “nkhondo ya zinyalala”. Anthu a m'dera la Suginami ankakana kuti ng'anjo yotenthera zinyalala imangidwe kwawo. Ankafuna kuti zinyalala zawo zizipitabe kwa anzawo a ku Koto. A ku Koto anatopa. Mu 1972 ndiponso mu 1973 anatseka msewu, nabweza malori a zinyalala ocokera ku Suginami. Zinyalala zinaunjikana m'makwalala a ku Suginami, ndipo eni ake anamva fungo lawolawo. Pambuyo pake anagonja, ndipo ng'anjoyo inatha kumangidwa mu 1982.

Awa anali anthu ngati ife. Ankakangana, ankakankhirana udindo, ankafuna pakhomo pawo pokha payere. Ukhondo wa lero unabadwa m'mkangano umenewo.

Nanga lero amausunga bwanji? M'sukulu zambiri za ku Japan ana amasesa okha. Amakolopa kalasi ndi makonde, m'sukulu zina amatsukanso zimbudzi. Mwana wa wolemera ndi mwana wa wosauka amagwira tsace limodzimodzi. Pakhomo, banja limapatula zinyalala: zopsa pazokha, mabotolo paokha, zitini pazokha. Mtundu uliwonse uli ndi tsiku lake lotolera. Wosakaniza, thumba lake limasiyidwa pomwepo, anansi onse akuona. Migolo ya m'masiteshoni yambiri inacotsedwa pambuyo pa 1995, pamene zigawenga zinatulutsa mpweya wakupha m'sitima za pansi pa nthaka. Anthu anazolowera kunyamula zinyalala zawo mpaka kunyumba.

Za cikwama cotayika nazonso zili ndi maziko. M'mzinda monse muli tinyumba ta apolisi tochedwa koban. Wotola cinthu sayenda mtunda wautali kuti akacipereke. Lamulo limati mwini wake apatse wotolayo mphoto ya magawo 5 mpaka 20 pa 100 alionse. Pakatha miyezi itatu mwini wake osaoneka, wotolayo akhoza kutenga cinthuco. Wobisa cimene watola ali ndi mlandu. Mu 1 caka cokha ca 2023 anthu a ku Tokyo anapereka kupolisi ndalama zotola zoposa mabiliyoni 4 a yen, ndipo zambiri zinabwerera kwa eni ake. Kukhulupirika kumakula pamene lamulo likuthandiza munthu wokhulupirika.

Ena adzati Japan ndi dziko lolemera, n'cifukwa cake. Inde, ng'anjo ndi malori zimafuna ndalama. Koma m'zaka za m'ma 1960 cuma ca Japan cinkakula mofulumira, ndipo ndi nthawi yomweyo pamene mtsinje unanunkha. Cuma cinabweretsa zinyalala. Anazicotsa ndi anthu amene anakana kukhala m'fungo, ndi malamulo, ndi sukulu.

Tikukana mawu a mlendo uja cifukwa ali ndi mphasa lake. Wonena kuti “iwo anabadwa aukhondo” akunenanso mumtima kuti “ena anabadwa auve”. Atsamunda ankatiuza zomwezo: mtundu uwu unabadwira kulamula, mtundu uwo unabadwira kugwira cibalo. Munthu akakhulupirira zimenezi amapinda manja. Chire likamera pacitsime amati ndi mmene tinabadwira.

Palibe mwana wobadwa ndi tsace m'manja, ku Tokyo kapena kuno. Khalidwe limaphunzitsidwa, monga mmene zilembo zimaphunzitsidwira. Anthu a ku Tokyo anaphunzira lawo atavutika ndi nchenche.

Tikambirane:
1. Mlendo amadabwa ndi ciyani ku Tokyo?
2. Anthu a ku Koto anatsekeranji msewu? Analakwa kapena anacita bwino?
3. Lamulo limathandiza bwanji munthu wotola cikwama?
4. Kodi mawu akuti “anabadwa conco” amapindulira yani?