Soya wa ku Dowa ndi Ntchisi adyedwe, asasanduke mankhwala a m'botolo

Nyengo yokolola ikafika, masikelo a mavenda amakolekedwa m'mitengo kuyambira pa Mponela mpaka pa Malomo, ndipo soya amachoka m'midzi thumba ndi thumba. Pakhomo sipatsala ngakhale chidebe cha phala. Ife tikuti agogo aakazi omwe amapeta soyayo ndiwo ayenera kuyamba kumulawa.

Chifukwa chake chili m'mafupa awo. Fupa la munthu silikhala chete. Muli maselo ena, otchedwa osteoclast, omwe amaswa fupa lakale, ndi ena omanga latsopano. Mayi akasiya kusamba, mahomoni a estrogen amachepa, oswa aja n'kuyamba kuposa omanga. Fupa limafumbwa m'kati ngati mtanda wodyedwa ndi chiswe, mwiniwake osamva kanthu, mpaka tsiku lomwe waterereka potsika phiri ndi mtolo wa nkhuni, chiuno n'kuthyoka. Kwa wokalamba, nthawi zambiri kumeneko ndiye kugona osadzukanso pamphasa.

Mu soya muli genistein ndi daidzein, zomwe m'labotale zimalepheretsa maselo oswa fupa kupangika. Izi n'zoona, koma thupi la munthu si mbale ya m'labotale. Kafukufuku wa ku Italy wa mu 2007 adapeza kuti amayi omwe ankamwa mamiligalamu 54 a genistein tsiku lililonse mafupa awo adalimbako. Wina wa ku Miami wa mu 2011, wa mamiligalamu 200 a zochokera mu soya kwa zaka ziwiri, sadapeze phindu lililonse. Akatswiri akadakokanakokana.

N'chifukwa chake tikudandaula ndi ogulitsa zitsamba omwe amadzaza misika ndi zimkuzamawu, kulonjeza kuti kabotolo kamodzi kachiza nyamakazi, shuga ndi msana nthawi imodzi. Akangomva mawu a sayansi awa adzawamata pabotolo, mtengo n'kukwera. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority liwafunse umboni msanga.

Chodziwika bwino n'chakuti fupa limafuna kashiamu ndi zakudya zomanga thupi. Usipa wodyedwa ndi minga yomwe, bonongwe, luni ndi phala la soya wokazinga zili pafupi, ndipo sizifuna dokotala. Alangizi a zaumoyo amalalikira phalali kusikelo ya ana basi, ngati okalamba alibe mafupa.

Masukulu aukachenjede a KUHeS ndi LUANAR apite kumapiri a ku Dowa ndi Ntchisi akayeze mafupa a amayi olima soya, kuti tikamalankhula za genistein tizitchula ziwerengero za ku Ntchisi, osati za ku Italy zokha.