ZA MASEWERA: POYAMBA KUKWEZA NDODO YA GOFU

Sabata ino tikambe za gofu, popeza migodi ina iri ndi bwalo lace la masewerawa, ndipo ena mwa inu mwayamba kugula ndodo zakale. Wina asakunamizeni kuti ndi masewera a Azungu okha. Lewis Chitengwa, mnyamata wa ku Harare, anapambana South African Amateur m'caka ca 1993, woyamba mwa anthu akuda.

Pamene ndinakaceza kwa abale ku Chikwanha, ku Chitungwiza, ndinaona amuna atatu akumenya mipira pa dambo. Onse anali ndi bvuto limodzi: amazula ndodo pa mpira ndi manja okha, ngati munthu wokweza piki. Piki imakwera molunjika ndi kugwa molunjika. Ndodo ya gofu iai, iyo imafuna kuzungulira thupi. Mukaizula motero, pobwera imadula mpira cammbali, mpirawo nkukhotera kumanja kukagwera m'udzu. Ndipo mukudziwa nokha kuti mpira wa gofu si wa mtengo wocepa.

Citani cotere. Mapewa, mikono ndi ndodo ziyambe ulendo pamodzi, ngati ng'ombe za m'goli limodzi. Mutu wa ndodo uyende pafupi ndi udzu kwa phazi limodzi kapena awiri usanakwere, manja asanayambe kupinda. Phewa lamanzere lipite kunsi kwa cibwano, ngati mumamenya cakumanja. Ndodo ikafika m'ciuno, imani muyang'ane: igone molingana ndi nthaka, cogwirira cace ciloze kumene mpira ukupita. Ngati mutu wace wabisala kumbuyo kwa matako anu, manja ndiwo atsogola.

Ena adzati, nanga Nick Price, wokulira mu Harare momwemo, amene anapambana Open ya ku Britain m'caka ca 1994, sanali kumenya mofulumira kodi? Indedi. Koma iye ankafulumira thupi lonse pamodzi, inu mumafulumira manja okha.

Mungayese ngakhale kukomboni mutaweruka nchito. Ikani mpira wina kumbuyo kwa mutu wa ndodo, muukankhe poyamba kukweza. Ukagubuduka pang'onopang'ono molunjika kumbuyo, mwakhoza. Ndodo ikaudumpha, mwazula. Bwerezani kakhumi tsiku liri lonse, koma kutali ndi mazenera a eni ace.

Ndine wanu,
KALALIKI.