CIFUNGA CA KU KAFUE: MLANDU SI WA MITENGO

Caka ndi caka, kuyambira mwezi wa Ogasiti kufikira mvula itagwa, mapiri ozungulira tauni ya Kafue aphimbika ndi cifunga cotuwa, kotero kuti munthu woima pa mlatho wa mtsinje sathanso kuona bwino zitunda za kutsidya. Ambiri angoti ndi fumbi la cilimwe ndi utsi wa lupsa, ndipo sanama. Koma m'cifungamo mulinso gawo lina locokera ku mitengo yamoyo ndi ku dothi lenilenilo. Nkhaniyi iyenera kufika m'midzi yoongoka, pakuti ikafika yokhota idzapatsa odula mitengo pobisalira.

Munthu wa kumudzi safuna mphunzitsi kuti adziwe kuti zomera zili ndi fungo. Tsamba la tsanya akalifinya m'manja linunkha utomoni. Udzu wongomweta kumene uli ndi fungo lake, bulugamu pa dzuwa la masana ali ndi lake, ndipo dothi likalandira cizimalupsa mudzi wonse umva ndi mphuno kuti nyengo yatembenuka. Fungo lililonse lotere ndi nthunzi yopepuka imene yacoka m'tsamba kapena m'nthaka ndi kulowa mu mpweya. Akatswiri a sayansi aika muyeso wa nthunzi zimenezi pa matani pafupifupi mamiliyoni 1,000 pa caka pa dziko lonse lapansi, ndipo theka lake ndi mtundu umodzi wokha wochedwa isoprene.

Mtengo sutulutsa nthunzi zimenezi mwa cisawawa. Pamene dzuwa lakula, masamba a mitengo yambiri aonjeza isoprene kuti adzichinjirize ku kutentha, ndipo muyeso wake ukwerabe kufikira tsamba litatentha pafupifupi madigiri 40. Pa kafukufuku wamkulu wa mpweya wa kum'mwera kwa Africa, wochedwa SAFARI 2000, akatswiri amene anagwira nchito ku Maun m'dziko la Botswana anapeza kuti tsanya ndi mmodzi wa mitengo yotulutsa nthunzi za utomoni zoculuka, makamaka pamene dzuwa liwala. Tsanya yemweyo ndiye wadzaza cigwa cotentha ca ku Chiawa, kumene Kafue athira madzi ake mu Zambezi. Nthawi zina nthunzi ndi mfuu yoitana thandizo. Mu 1990 akatswiri a ku America anaonetsa kuti cimanga cikadyedwa ndi mbozi citulutsa fungo lapadera limene liitana timavu tating'ono, ndipo timavuto tiikira mazira m'thupi la mbozi ndi kuipha. Mlimi amene apopera mankhwala mosayang'ana aphera pamodzi mbozi ndi asilikali amene cimanga cake cinadziitanira.

Mbali ya dothi ndiyo yosadziwika kwenikweni, koma ndiyo ikhudza mlimi koposa. M'dothi lacinyezi mukhala tizilombo tosaoneka ndi maso tosawerengeka. Tina tipanga fungo lija la mvula yoyamba, ndipo tina tidya nthunzi zimene mitengo yatulutsa, monga nkhuku zitola zogwa pa mphero. Mu 2019, ku Arizona m'dziko la America, akatswiri anamana mvula nkhalango yokulira m'cinyumba cacikulu ca magalasi cochedwa Biosphere 2 kwa miyezi pafupifupi iwiri, kuti aone cimene cilala cicita. Anapeza kuti dothi litauma linacepetsa kumeza nthunzi za mitengo. Nkhalango ya dothi lacinyezi, lofunda masamba ouma, isesa yokha pakhomo pake. Nkhalango imene pansi pake papserera ndi kuuma gwa ilephera nchito imeneyo.

Komabe nthunzi za mitengo pa zokha sizipha munthu. Zakhalapo ciyambire dziko, ndipo mu mpweya woyera zina zisanduka tinthu tating'onoting'ono timene madontho a mitambo agwirirapo. Tsoka liyamba zikakumana ndi utsi wa mtundu wa nayitulojeni, umene ubadwa paliponse pamene pali moto waukali: mu injini za magalimoto, m'ng'anjo za mafakitale ndi m'moto wa m'thengo. Ziwirizi zikasakanizika pa dzuwa lamphamvu zibala mpweya wochedwa ozoni. Kumwamba kwenikweni ozoni ndi cishango cochinjiriza dziko ku ukali wa dzuwa, koma pansi pano ndi mdani. Aotca m'cifuwa, avutitsa ana, nkhalamba ndi odwala mphumu, ndiponso alowa m'timabowo ta masamba a mbeu ndi kuwaononga. Nyemba, soya ndi tirigu ndizo zimva msanga. Masamba acita timadontho, akalamba nthawi isanakwane, ndipo zokolola zicepa popanda mlimi kuona tizilombo kapena matenda amene angawaloze cala. Popeza ozoni aculuka m'miyezi yotentha mvula isanabwere, amene ayenera kuchera khutu ndi alimi a madimba a m'mbali mwa mtsinje ndi olima tirigu wothirira.

Izi si nthano za kutsidya kwa nyanja. Kumayambiriro kwa Seputembala 2000, gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi mai Anne Thompson a ku bungwe la NASA linaulutsa mabaluni okhala ndi zoyesera mpweya mu mzinda wa Lusaka. Linapeza kuti ozoni wa pansi anafika popitirira magawo 90 pa biliyoni, kuposa amene anayesedwa masiku omwewo ku Nairobi ndi ku Irene, pafupi ndi Pretoria. Wina anabadwira pomwepo, wina anabwera ndi mphepo kucokera ku maiko oyandikana kumene moto unali kuyakanso. Malire amene Bungwe la Zaumoyo pa Dziko Lonse lilangiza ali pafupi ndi magawo 50 pa maola asanu ndi atatu. Kucoka ku Lusaka kufika ku Kafue ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 45 cabe, ndipo mphepo siima pa malire a boma.

Apa ndipo pali msampha. Wina akamva kuti mitengo ili ndi gawo m'cifunga angafulumire kunena kuti kudula mtengo ndiko kuyeretsa mpweya. Maganizo otere anamvekapo ngakhale kwa akuluakulu. Mu 1980 a Ronald Reagan, asanakhale mtsogoleri wa America, ananena kuti zoipitsa mpweya zambiri zicokera ku zomera, ndipo anthu anawaseka kwa zaka. Patapita nthawi, mu 1988, akatswiri ofufuza mpweya wa mu mzinda wa Atlanta, umene uli pakati pa nkhalango, anaonetsa kuti nthunzi za mitengo zilidi ndi gawo lalikulu pa kubadwa kwa ozoni. Koma palibe wanzeru amene anatola nkhwangwa. Cimene cinaphunziridwa ndi cakuti kumene kuli mitengo yambiri ndi dzuwa lambiri, utsi wa nayitulojeni uyenera kucepetsedwa koposa kwina, pakuti ndiwo wokha uli m'manja mwa munthu.

Kafue ndi malo otere. Ndi tauni ya mafakitale ciyambire 1970, pamene Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kupanga feteleza, ndipo pambuyo pake panabweranso fakitale ya zitsulo. Mseu waukulu wopita ku Chirundu ndi ku Livingstone upyola pakati pa tauni, ndipo malole olemera audutsa usana ndi usiku. Ca kumadzulo kuli dambo lalikulu la Kafue Flats limene liyaka moto cilimwe ciliconse, ndi minda ya nzimbe ya ku Mazabuka imene itenthedwa isanadulidwe. M'mapiri mufuka mauvuni a makala. Pamwamba pa zonsezi panagwa cilala ca 2024. Pa 29 Febuluwale caka cimeneco Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi, cimanga ca pa mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi citapserera. Madzi atacepa ku Kariba ndi mu mtsinje wa Kafue, magetsi anazima kufikira maola 21 pa tsiku m'malo ena, ndipo mabanja a m'matauni anathamangira ku mbaula. Cotero m'caka comwe mitengo inasautsidwa koposa ndi dothi linauma koposa, utsi nawo unaculuka, ndipo nkhwangwa inalira kwambiri. Mu Epulo 2024 boma linaimitsa zilolezo za makala ku Mumbwa, Itezhi-Tezhi ndi Shibuyunji. Linacita bwino, koma wootca makala akatsekeredwa kuno asamukira uko, ndipo mapiri a ku Kafue ali pafupi kwambiri ndi misika ya ku Lusaka.

Mwa magwero onse a utsiwa, limene anthu a m'midzi angaligwire ndi manja ao ndi moto wa m'thengo. Pa nkhaniyi dziko lino lili ndi umboni wake wakale. Mu 1933 a za nkhalango anapatula magawo a thengo la miombo ku Ndola: ena anali kutenthedwa msanga mvula itangotha, ena mocedwa m'nyengo yotentha, ena osatenthedwa konse. Pamene a Colin Trapnell analemba zotsatira zake mu 1959, zinaoneka poyera kuti moto wocedwa unapha mitengo ikuluikulu ya miombo, pamene kumene kunatenthedwa msanga thengo linakhalabe ndi kuphukira. Moto wa mu Meyi kapena Juni ukwawa pansi pa udzu wosaumitsa ndipo uzima ndi mame a usiku. Moto wa mu Okutobala ukwera mpaka ku nsonga, unyambita masamba onse ofunditsa dothi, ndipo utulutsa utsi wake m'masiku omwe dzuwa lili lokonzeka kuusandutsa ozoni. Makolo anali kudziwa kuti thengo silitenthedwa popanda mau a mfumu. Lero mwana wofuna mbewa zisanu ayatsa phiri lonse, ndipo nkhuyu zodya mwana zipota akulu amene ali ndi dimba kunsi kwa mphepo. Anyakwawa ali nayo mphamvu yobwezera mwambo umenewu, ndipo Lamulo la Nkhalango la 2015 lilola mudzi kupanga gulu lake losamala thengo ndi kulilembetsa ku boma kuti lipindule ndi uci, bowa, masuku ndi zina za m'menemo.

Pa kubzala mitengo pafunikanso nzeru. Bulugamu akula msanga ndipo apatsa mapaso ndi milimo yoongoka, koma ali m'gulu la mitengo yotulutsa isoprene woculuka, ndipo amwa madzi ambiri. Malo ake ndi kumunda wa mitengo. Kumundanda yekhayekha m'mphepete mwa mseu wa malole kapena pa mpanda wa fakitale ndiko kuika nkhuni pafupi ndi moto. Khonsolo ya Kafue ndi a za nkhalango afunika kulangiza masukulu ndi mipingo za mitundu yosakaniza mvula ya Disembala isanafike.

Cotsala ndi ca boma. Bungwe la ZEMA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 kuti liyang'anire za cilengedwe, liyenera kukhala ndi coyesera mpweya cokhazikika mu tauni ya Kafue, coyesa ozoni ndi utsi wa nayitulojeni tsiku ndi tsiku, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka Novembala. Ziwerengero zake zisathere m'mafailo a ku Lusaka. Zilengezedwe pa wailesi m'Cinyanja, m'Citonga ndi m'Cisoli pamodzi ndi za nyengo, kuti namwino wa pa cipatala ca kumudzi adziwe sabata limene odwala cifuwa adzaculuka, ndi nyakwawa adziwe tsiku loletsa moto.