Galimoto Ya Magetsi Ndi Petulo: Kodi Mapanga Awiri Avumbwitsa?

Mwezi uno tikambirane za galimoto imene ambiri a ife sitinaikwerepo, koma imene mbiri yake yayamba kufika m'makomo mwathu kudzera mwa ana athu amene akugwira ntchito ku Britain. Mwana akaimba lamya nanena kuti wagula galimoto yotchaja ngati foni, imenenso imamwa petulo ngati zinzake, kholo limasowa choyankha. Ena mwa ana amenewa akuganiza zotumiza magalimoto oterewa kuno kumudzi, ndipo pakuti ndalama zolowa pamenepo ndi thukuta la zaka zingapo, nkoyenera kuti makolo ndi achinyamata omwe adziwe chimene akugula.

Tiyambe ndi kusiyanitsa, pakuti pali chisokonezo. Magalimoto monga Toyota Prius ndi Toyota Aqua, amene tayamba kuwaona m'misewu yathu, ali ndi injini ya petulo ndi mota ya magetsi, koma batire lake ndi laling'ono ndipo limadzazidwa ndi galimoto yomweyo ikamayenda. Salumikizidwa ku khoma. Pali enanso a magetsi okhaokha, opanda injini. Imene tikunena pano iri pakati pa mitundu iwiriyi, ndipo Angerezi amaitcha plug-in hybrid. Iri ndi injini yathunthu, mota yamphamvu, ndi batire lalikulu ndithu lotha kuyendetsa galimoto palokha kwa mtunda wakutiwakuti, ndipo batire limeneli mwini wake amalidzaza polumikiza chingwe ku soketi ya m'nyumba.

Kuti tisalankhule za m'malere, titenge chitsanzo chimodzi chodziwika bwino ku Ulaya: Volkswagen Passat GTE ya mtundu wa estate, ndiye kuti yaitali kumbuyo, yokhala ndi chitseko chachisanu chotsegukira m'mwamba, imene mabanja amaikonda chifukwa cha malo a katundu. Inatuluka mu 1.4 ya malita pa kukula kwa injini, m'chaka cha 2015, iri ndi batire la 9.9 kWh. M'chaka cha 2019 analikulitsa batirelo kufika 13 kWh, ndipo kampani inanena kuti ingayende makilomita pafupifupi 55 popanda kuwotcha dontho la petulo. Škoda Superb iV, imene inatuluka chaka chomwecho, ndi mbale wake wa bere limodzi: injini, mota ndi batire ndi zofanana. Magalimoto amenewa tsopano ali ambiri pa misika ya magalimoto akale ku Britain, ndipo ndi amene ana athu amakumana nawo.

Moyo wa tsiku ndi tsiku ndi galimoto yotere umazungulira pa chingwe. Munthu akafika pakhomo madzulo, asanalowe m'nyumba, amatsegula kachitseko ka kutsogolo kwa galimoto nalumikiza. Soketi ya ku Britain ndi yofanana ndi yathu yomweyi ya mano atatu, ndipo mphamvu yake ndi 230 V monganso kwathu kuno. Pa soketi yoteroyo batire la 13 kWh limadzaza m'maola 5 kapena kupitirira pang'ono. Pa kabokosi kapadera koika pa khoma limatenga maola atatu ndi theka, pakuti galimotoyi sirandira mphamvu yoposa 3.6 kW ngakhale muilumikize pa makina aakulu motani. Kwa ife amene tinazolowera kugula mayuniti a magetsi, kuwerengera nkosavuta: yuniti imodzi ndi 1 kWh, kotero kudzaza batire lotheratu kumadya mayuniti pakati pa 10 ndi 13. Aliyense angathe kutenga mtengo wa yuniti kumene akukhala, ndi mtengo wa malita atatu a petulo amene akanawotcha pa mtunda womwewo, naona yekha kusiyana kwake.

Koma makilomita 55 aja ndi a pa pepala. Eni ake ambiri amaona 40 kapena kucheperapo, ndipo m'chisanu cha ku Ulaya chiwerengero chimatsikanso kwambiri, chifukwa batire lozizira silipereka mphamvu yake yonse, ndiponso kutenthetsa m'kati mwa galimoto kumadya magetsi omwewo amene akanazunguza matayala. Galimoto ya petulo imatenthetsa anthu ndi kutentha kwa injini kumene kukanatayika chabe. Iyi, injini ikakhala chete, iyenera kugula kutenthako ku batire. Eni ake ochenjera amaiuza galimoto kuti iyambe kudzitenthetsa m'mamawa chingwe chidakali ku khoma. Komabe makilomita 35 kapena 40 si ochepa. Namwino wopita ku chipatala, kutula ana ku sukulu, ndi kudzera ku sitolo pobwerera, kawirikawiri safika pamenepo. Munthu wotere angathe kutha milungu itatu osaima pa malo omwetsera mafuta, ndipo tsiku limene afuna kuchoka ku Manchester kupita ku Glasgow, injini imadzuka yokha, ulendo nupitirira wopanda nkhawa yofunafuna potchajira.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo tichedwepo pang'ono. Mabuku a kampani amalemba kuti galimoto yotere imamwa malita osakwana 2 pa makilomita 100. Chiwerengero chimenechi si bodza, koma chinapezeka pa mayeso aafupi amene amayamba batire liri lodzaza, poganizira kuti mwini wake azidzatchaja mokhulupirika. Anthu enieni sachita motero. M'chaka cha 2022 bungwe lofufuza la ICCT linaunika magalimoto zikwi zingapo a mtundu umenewu ku Ulaya, nilipeza kuti a anthu wamba ankamwa malita oposa 4 pang'ono pa makilomita 100, pamene a makampani ankamwa malita pafupifupi 8. M'chaka cha 2024 European Commission inatulutsa lipoti lochokera pa timakina towerengera mafuta toikidwa m'magalimoto momwemo, ndipo linaonetsa kuti utsi wa magalimoto amenewa pa msewu unali kuwirikiza katatu ndi theka poyerekeza ndi wa pa mayeso. Chifukwa chake chiri poyera. Wantchito wopatsidwa galimoto ndi kampani amalandira khadi yogulira petulo, pamene magetsi a kunyumba amalipira yekha. Ndani angavutike ndi chingwe pa mvula? Pali magalimoto ena amene anagulitsidwa patatha zaka zitatu chingwe chake chidakali chokulunga monga chinachokera ku fakitale.

Galimoto yosatchajidwa imasanduka ya petulo wamba, yonyamula katundu wa makilogalamu oposa 200 amene sakugwira ntchito yake yeniyeni. Imathandizidwabe pang'ono ndi magetsi amene mota imabweza ku batire pamene woyendetsa aponda mabuleki kapena potsetsereka, koma pa ulendo wautali imamwa malita 6 kapena 7 pa makilomita 100, monga Passat ina iriyonse. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Ife tikuona kuti mwambiwu ukugwira munthu amene wagula galimotoyi alibe potchajira pakhomo. Wokhala napo, mapanga onse awiri amamuteteza.

Ndipo potchajira pakhomo si chinthu chimene aliyense ali nacho. Ana athu ambiri ku Britain amachita lendi m'nyumba zogundizana kapena zosanjikizana, kumene galimoto imagona pa msewu, mwina kutali ndi khomo. Kudutsitsa chingwe pa njira ya oyenda pansi kungagwetse nkhalamba ndi kudzetsa mlandu. Malo otchajira a aliyense alipo, koma magetsi ake ndi okwera mtengo. Ngakhale msonkho wa VAT umasiyana, 5 pa 100 pa magetsi a m'nyumba ndi 20 pa 100 pa a m'misewu. Kuwonjezera apo, kudikira maola atatu kuti mupeze makilomita 40 ndi ntchito imene munthu amaichita mwezi woyamba wokha. Tichenjezenso za chinthu chimene timachidziwa bwino kuno kwathu: zingwe zowonjezera zotchipa zija za m'misika. Galimoto imakoka magetsi ambiri kwa maola ambiri osapuma, ndipo chingwe chopyapyala kapena soketi yogwedera imatentha kufikira kuyaka, nthawi zambiri usiku banja liri m'tulo.

Za katundu tinene mwachidule. Batire linatenga malo a pansi pa mipando ya kumbuyo, thanki ya petulo nisunthira pansi pa buti. Motero buti imene mu Passat wamba ndi ya malita 650 inachepa kufika 483, ndipo thanki ndi ya malita 50. Pansi pake ndi pafulatibe, ndipo mukagoneka mipando mumalowa njinga kapena matiresi. Chimene chinasowa ndi tayala la sipeya. M'malo mwake mumapeza pampu ndi kabotolo ka zomatira, zimene zimathandiza pa msomali koma osati pa tayala long'ambika m'mbali.

Kusamalira kwake ndi kwa pawiri. Injini imafunabe oyilo watsopano pa nthawi yake ngakhale itagwira ntchito pang'ono, makamaka chifukwa imadzutsidwa yozizira kawirikawiri nizimanso isanatenthe. Petulo wokhalitsa m'thanki amaguga, kotero ndi bwino kuipatsa injini ulendo wautali nthawi ndi nthawi. Mabuleki amakhalitsa, pakuti mota ndiyo imachita ntchito yambiri yoimitsa galimoto, koma chifukwa cha kusagwira ntchito komweko amachita dzimbiri. Kabatire kakang'ono ka 12 V kalinso momwemo, ndipo kakafa galimoto siidzuka ngakhale batire lalikulu litadzaza. Inu anyamata okonda kutsegula boneti, zingwe zonse za mtundu wa lalanje muzitalikire, pakuti zimanyamula mavoti mazana angapo, okwanira kupha munthu. Volkswagen inalonjeza kuteteza batire lalikulu kwa zaka 8 kapena makilomita 160,000. Ndiye kuti magalimoto a zaka zoyambirira, amene mitengo yake ikukopa achinyamata, lonjezo lake linatha kale. Batire limafooka pang'onopang'ono monga la foni, ndipo kugula lina ndi ndalama zotha kufika pafupi ndi mtengo wa galimoto yakaleyo.

Kwa inu amayi ndi abambo a ana ang'onoang'ono pali chinthu china. Galimotoyi ikamayenda ndi magetsi pang'onopang'ono, makamaka pobwerera m'mbuyo pabwalo, siimveka. Mwana wosewera pansi, amene anazolowera kuthawa akamva injini, alibe chomuchenjeza. Maiko a European Union anakhazikitsa lamulo loti kuyambira Julaye 2021 magalimoto onse atsopano a mtundu umenewu azitulutsa kaphokoso kochita kupanga, koma ambiri akale alibe. Woyendetsa aziwerenga ana asanasunthe.

Maboma nawonso anasintha maganizo. Britain inasiya kuthandiza ogula magalimoto amenewa ndi ndalama m'chaka cha 2018, ndipo mu Okutobala 2021 London inawachotsera ufulu wolowa pakati pa mzinda osalipira. M'chaka cha 2025 boma linalengeza kuti atsopano a mtunduwu adzaloledwa kugulitsidwa kufikira 2035. Makampani ayankha pokulitsa mabatire: Passat yatsopano ya 2024 imapitirira makilomita 100 ndi magetsi okha pa mayeso, ndipo imalandira magetsi ofulumira. Koma imeneyo mtengo wake sunatsike kufika m'manja mwa wantchito wamba.

Nanga kuitumiza kuno? Zina zikugwirizana. Chiwongolero chiri ku dzanja lamanja monga malamulo a misewu yathu afunira, soketi ndi imodzimodzi, ndipo chisanu chofooketsa batire tiribe. Magetsi athu ambiri amachokera ku mtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, osati ku mafuta ogula ndi ndalama zakunja. Amene anagona pa mizere ya petulo m'zaka za 2022 kufikira 2024 angamvetse kukoma kwa galimoto yopita ku ntchito thanki iri youma. Koma amene akukumbukira namondwe Ana, amene anaononga Kapichira mu Januwale 2022 nachotsa pafupifupi 130 MW kwa nthawi yoposa chaka, akudziwanso kuti soketi imatha kukhala chete usiku wonse, ndipo pamenepo injini ndiyo imaombola. Kwa banja la mu Lilongwe kapena Blantyre lokhala ndi mpanda, mawaya abwino a m'nyumba ndi maulendo aafupi, nzeru yake ikuoneka. Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Nkhoma ndi makilomita ngati 50, pa malire penipeni pa mphamvu ya batire; kupita ku Blantyre, makilomita oposa 300, pafupifupi ulendo wonse ndi wa petulo.

Kwa kholo la kumudzi kumene mawaya a magetsi sanafike, ife tikuti mwana asavutike. Galimotoyi ndi yaifupi msinkhu, batire liri kunsi kwake, tayala lapadera iribe, ndipo ikadwala imafuna makaniko wokhala ndi kompyuta yake ndiponso wophunzira za magetsi amphamvu. Amene akuyang'ana ku Japan m'malo mwa Britain akumbukire kuti magetsi a m'nyumba kumeneko ndi a 100 V ndipo mapulagi ake ndi ena. Chingwe chobwera ndi galimoto chiyambe chaonedwa ndi katswiri wa magetsi chisanalowe m'khoma. Ndipo kulikonse kumene mukugula, pemphani wogulitsa adzaze batire usiku, inu mufike m'mawa, muyendetse ndi magetsi okha kufikira injini itadzuka yokha, ndipo muwerenge makilomita amene mwayenda musanatchule mtengo.