Kumanganso timu ya mpira kumatenga zaka zingati? Phunziro la ku Atteridgeville

ATTERIDGEVILLE, South Africa – Pa 15 Okutobala 2016, timu ya Mamelodi Sundowns idathambitsa Zamalek ya ku Egypt ndi zigoli zitatu kwa duu pabwalo la Lucas Moripe, m'tauni ya Atteridgeville kuzambwe kwa mzinda wa Pretoria. Awa adali masewero oyamba a ndime yotsiriza ya mpikisano wa CAF Champions League. Patatha sabata imodzi Sundowns idagonja 1-0 ku Alexandria, koma chikho idatenga ndithu. Komatu zaka zinayi zokha m'mbuyomo timu yomweyi inkalendewera kunsi kwa ligi ya dziko lake.

Nkhani imeneyi imatchulidwa kawirikawiri eni matimu akamalonjeza ochemerera kuti zinthu zisintha posachedwa. Pitso Mosimane adalembedwa ntchito youphunzitsi ku Sundowns mu Disembala 2012, m'malo mwa Johan Neeskens wa ku Netherlands, ndipo pofika Meyi 2014 adali atatenga ligi. Miyezi yake siyidakwane n'komwe 18. Choncho ena amati chaka chimodzi ndi theka n'chokwanira kudzutsa timu yomwe yagwa.

Kuwerengera kotereku n'kosocheretsa. Mosimane sadapeze bwinja. Adapeza nyumba ya maziko olimba yomwe idangosasuka denga. Mpondamatiki wa zamigodi Patrice Motsepe adali atagula timuyi m'zaka za 2003 ndi 2004, ndipo idatenga ligi mu 2006 ndi 2007. Chidatsatira ndi kusinthasintha aphunzitsi a maina akuluakulu ochokera ku Ulaya, monga Henri Michel, Hristo Stoichkov ndi Neeskens, aliyense ndi kaseweredwe kake, aliyense ndi osewera omwe adafuna kuti agulidwe. Ndalama zidalipo, osewera aluso monga Teko Modise adalipo, koma ligi idasowa kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Chomwe Mosimane adabweretsa ndi dongosolo, ndipo chomwe adapatsidwa ndi nthawi: adakhalapo mpaka 2020. Mwayi nawo udalowererapo, pakuti mu 2016 Sundowns idali itatulutsidwa kale mumpikisano wa CAF ndi AS Vita Club ya ku Congo, ndipo idabwereramo Vita itachotsedwa kaamba koseweretsa wosewera yemwe adali pachiletso.

Yemwe akufuna kudziwa nthawi yeniyeni yomangira timu kuchokera pansi ayang'ane timu ina yomwe idasewera pabwalo lomweli kwa zaka zambiri, SuperSport United. Poyamba inkatchedwa Pretoria City, ndipo idasintha dzina kampani ya wailesi yakanema ya M-Net itaigula chapakati pa zaka za m'ma 1990. Idalibe khwimbi la ochemerera ngati la Kaizer Chiefs kapena Orlando Pirates. Mu 2001 utsogoleri wake udapereka timu m'manja mwa mphunzitsi wachinyamata, Mosimane yemweyu. Iye adaifikitsa pa nambala yachiwiri mu 2002 ndi 2003, natenga zikho ziwiri mu 2004 ndi 2005, koma ligi sadaigwire mpaka adachoka mu 2007. Gavin Hunt ndiye adadzakolola: ligi katatu motsatizana, mu 2008, 2009 ndi 2010.

Apa pali ziwerengero ziwiri zosiyana. Kuti SuperSport iyambe kupikisana nawo pamwamba padatenga chaka chimodzi chokha. Kuti itenge ligi padatenga zaka zisanu ndi ziwiri pansi pa aphunzitsi okhazikika awiri okha, ndipo kuwerengera kuyambira pomwe idagulidwa, zaka zoposa khumi. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo eni SuperSport adadekhadi panthawi yomwe anzawo ankathamangitsa mphunzitsi akangogonja masewero atatu.

Koma kudekha kokha sikusunga timu pamwamba. SuperSport inkadalira kulera osewera n'kuwagulitsa, ndipo msika wake waukulu udali khomo loyandikana nalo. Elias Pelembe wa ku Mozambique adapita ku Sundowns mu 2009, Daine Klate ku Pirates mu 2010, Bongani Khumalo ku Tottenham Hotspur ya ku England mu 2011. Patsiku lija Zamalek idathambitsidwa, Anthony Laffor ndi Tebogo Langerman, omwe adamwetsa zigoli, onse adali ochokera ku SuperSport. Goloboyi Denis Onyango naye adadzera komweko, chimodzimodzi mphunzitsi wawo. Mwanjira ina, miyezi 18 ya Sundowns idamangidwa pa zaka za thukuta la anansi ake. Mchitidwewu udapitirira ndi Aubrey Modiba, Grant Kekana, Teboho Mokoena ndi Ronwen Williams pakati pa 2020 ndi 2022.

Zikho SuperSport idapitiriza kutenga, ndipo mu 2017 idafika ndime yotsiriza ya CAF Confederation Cup komwe idagonja ndi TP Mazembe. Ligi yokha sidaitengenso. Sundowns idaitenga kasanu ndi katatu motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2025. M'chaka cha 2025 chomwecho malo a SuperSport muligi adagulitsidwa, ndipo timuyo idatchedwa Siwelele, dzina lomwe limakumbutsa Bloemfontein Celtic, komwe Amalawi monga Ernest Mtawali, John Maduka ndi Limbikani Mzava adasiya mbiri. Ntchito ya zaka pafupifupi 30 idathera pa siginecha.

Chiefs ikuonetsa mbali ina ya nkhaniyi. Ndalama ili nazo, ochemerera ndiye osawerengeka, koma itatenga ligi mu 2015 idakhala zaka khumi osagwira chikho chilichonse mpaka Nedbank Cup ya 2025. M'nyengo imeneyi aphunzitsi monga Steve Komphela, Giovanni Solinas, Ernst Middendorp, Hunt, Stuart Baxter, Arthur Zwane ndi Molefi Ntseki adalowa ndi kutuluka, ndipo pafupifupi aliyense ankalengezedwa ngati chiyambi cha kumanganso. Timu yomwe imayamba mwatsopano chaka ndi chaka imakhala ikubweza wotchi yake m'mbuyo. Middendorp adataya ligi pa tsiku lomaliza mu 2020, ndipo patangopita masiku ochepa adachotsedwa ntchito, ngakhale kuti ndi iye yemwe adaifikitsa pafupi kuposa onse.

Kwa okonda mpira ku Malawi zimenezi si zachilendo. Wanderers idadikira kuyambira 2006 mpaka 2017 kuti itengenso ligi. Big Bullets, yomwe mu 2004 idafika m'magulu a CAF Champions League pansi pa Kinnah Phiri ndi thandizo la Bakili Muluzi, idasauka thandizolo litatha. Idakhazikikanso kampani ya Nyasa Manufacturing italowamo, ndipo Kalisto Pasuwa wa ku Zimbabwe, yemwe adafika mu 2018, adatenga ligi kasanu motsatizana mpaka 2023. Monga zidalili ndi Mosimane ku Sundowns, Pasuwa adapeza malipiro a osewera akutuluka komanso timu ya achisodzera yomwe inkapereka osewera atsopano ku timu yaikulu.