UN isamukire ku Nairobi ndi pulani ya zaka zambiri

Aliyense amene amakhala nyumba ya lendi ku Area 25 kapena ku Ndirande akudziwa mmene mtima umagundira mwezi ukamatha. Mwina simukudziwa kuti bungwe la United Nations, lomwe lili ndi maiko 193, nalonso limadziwa mantha omwewa.

Likulu la bungweli ku New York lili pamalo omwe anagulidwa ndi mphatso ya madola 8.5 miliyoni yomwe John D. Rockefeller Jr. anapereka mu 1946. Chinyumba chachitali chija mumachiona pa TV chili ndi nsanjika 39, koma ogwira ntchito onse sakwanamo. N'chifukwa chake kwa zaka makumi angapo UN yakhala ikulipira lendi m'nyumba zina zapafupi, monga ziwiri zotchedwa DC1 ndi DC2, mumzinda womwe lendi yake ndi yoboola m'thumba.

Mapulani ndiye akhala akubwera. Panali ganizo lomanga chinyumba chatsopano chotchedwa DC5 kuti ogwira ntchito omwazikanawo akhale pamodzi, koma mpaka lero sichinamangidwe. Likulu lenilenilo analisiya kukalamba kwa zaka zoposa 50, ndipo ntchito yolikonzanso, yomwe inayamba mu 2008, inadya madola oposa 2 biliyoni. Ku Geneva nakonso, mu 2015 maiko anavomereza ndalama za ku Switzerland zokwana mafranki 836.5 miliyoni zokonzera Palais des Nations. Denga ukalisiya likudontha, umadzagula ndi mipanda yomwe.

Tsopano zinthu zathina. Maiko ena akuluakulu, kuphatikizapo America, sakupereka zopereka zawo panthawi yake. Mu March 2025 mlembi wamkulu António Guterres anakhazikitsa ndondomeko ya UN80 yochepetsa ndalama zomwe bungweli limagwiritsa ntchito, ndipo imodzi mwa njira zake ndi kuchotsa ntchito zina m'mizinda yodula ngati New York ndi Geneva. Nthambi ya UNFPA inali itayamba kale kusamutsira gawo la ogwira ntchito ake ku Nairobi, ndipo UNICEF ndi UN Women nazonso zikusamutsa ena.

Ine ndikuti kusamukaku n'koyenera, ndipo kwachedwa. Ntchito yaikulu ya nthambi zimenezi, monga katemera wa ana, uchembere wabwino ndi maphunziro a atsikana, ili kuno ku Africa ndi ku Asia. Munthu wokonza pulogalamu ya amayi oyembekezera a ku Mangochi alibe chifukwa chokhalira ku Manhattan, komwe akamafika mu ofesi kuno anthu ali pafupi kuweruka. Komanso ku Gigiri, mumzinda wa Nairobi, UN ili pamalo omwe boma la Kenya linapereka, pomwe pali kale malikulu a UNEP ndi UN-Habitat. Akuluakulu anati nyumba ya mwini saotchera mbewa. Pakhomo pako umamanga zomwe ukufuna, ndipo palibe landilodi wodzakukweza lendi.

Nkhawa yanga ili pa chifukwa chomwe akusamukira. Munthu wosamuka chifukwa ndalama zamuthera sayang'ana ngati nyumba yatsopanoyo ili ndi madzi. Ngati UN ikupita ku Nairobi pongothawa mavuto a chaka chino, ndalama zikadzabwerera mabwana adzapezanso zifukwa zobwerera ku New York, ndipo ndalama zosamutsira anthu zidzakhala zitapita pachabe.

Pulani yeniyeni iyenera kuyankha mafunso ovuta. Kodi zaka 20 zikubwerazi bungweli lidzafuna madesiki angati, pamene anthu ambiri azolowera kugwira ntchito pa intaneti ali kunyumba? Ndi maudindo ati omwe akusamuka? Ngati kukubwera alembi ndi owerengera ndalama okha, pamene opanga ziganizo atsala ku New York, ndiye kuti Africa yangosanduka khitchini, alendo akudyera pabalaza. Nanga anthu wamba a ku Nairobi adzawateteza bwanji eni nyumba akayamba kukweza lendi poona anthu olandira madola?

Mwina mukuti, nanga ife zikutikhudza pati? Malawi ndi membala wa UN kuyambira 1964 ndipo amasonkha nawo ndalama zoyendetsera bungweli, ngakhale pang'ono. Dola iliyonse yopita kwa landilodi wa ku Manhattan ndi dola yomwe siinafike kuchipatala. Chinanso, wachinyamata wa digiri yake wa ku Zomba kapena Mzuzu angathe kulota zogwira ntchito ku Nairobi, komwe ndege imafika m'maola ochepa, kusiyana ndi ku New York komwe viza yokha ndi nkhondo.

Choncho akazembe athu ku New York, pamodzi ndi anzawo a maiko a mu Africa, asangowomba m'manja. Bajeti ya UN imakambidwa mu komiti yachisanu ya msonkhano waukulu, ndipo dziko lililonse lili ndi mpando mmenemo. Akafunse pulani yolembedwa, yokhala ndi zaka, ziwerengero ndi maudindo omwe akubwera kuno. Kupanda apo, maofesi atsopano a ku Gigiri adzakhala malo ongodikirirapo kuti mvula ikate.